Ka "un" ndi abale ake, chizungu chomwe mumachidziwa kale

Ine ndi mphunzitsi wa chizungu ku sekondale, choko chinandilowa mpaka m'zikhadabo, ndipo chaka chilichonse mayeso a MSCE akamayandikira sipalephera mwana wobwera ndi kope lodzaza mawu ati akuloweza dikishonale, mawu 20 patsiku. Ikamatha sabata onse aja auluka, watsala ndi mutu wowawa basi. Sindimuseka ayi, mantha ake ndi omveka chifukwa ukalephera chizungu satifiketi palibe olo masamu ukhoze bwanji. Koma ndimamuuza kuti tseka kaye kopelo, mawu ambiri amene ukuvutika nawowa ndi mawu awiri omata pamodzi, ndipo limodzi mwa awiriwo ukulidziwa kale.

Tengani foni yanu muone. Unlock, unmute, uninstall, unsubscribe. Mukalakwitsa pini ikuti invalid, ndalama zikachepa ikuti insufficient, mukaimbira munthu amene wazimitsa foni kamayi kaja kakuti unavailable. Tsiku lililonse timakumana nawo mawuwa ndipo palibe anatikhazika pansi kutiphunzitsa, tinangozolowera kuti kachidutswa kakumayambiriroko kakabwera ndiye kuti zinthu zatembenuka. Mu galamala ya Chichewa tizidutswa totere timati aphatikiri, aja tinkawaloweza ku pulayimale tikuyasamula.

Chimene ambiri sadziwa nchakuti un ameneyu si mmodzi, alipo awiri, amangofanana nkhope ngati mapasa. Ndipo chosangalatsa nchakuti Chichewa chinawalekanitsa kalekale, ndi azungu amene amawalemba mofanana.

Woyamba amakhala pa mfotokozi ndipo ntchito yake ndi ya "osa" wathu uja. Happy wosangalala, unhappy wosasangalala. Unripe chosapsa, unknown chosadziwika, unmarried wosakwatira kapena wosakwatiwa, unpaid ngongole yosalipidwa. Apa palibe chachitika, tikungonena kuti chinthucho sichili choncho.

Wachiwiri amakhala pa mneni, ndipo uyu sakana kanthu, amabweza zomwe zinachitika. Ife timamuika kumapeto. Tseka, tsekula. Mata, matula. Yala mphasa, yalula. Vundikira mphika, vundukula. Vala, vula. Nde lock ndi unlock ndi tseka ndi tsekula basi, cover ndi uncover ndi vundikira ndi vundukula, dress ndi undress ndi vala ndi vula, tie ndi untie ndi manga ndi masula. Ndikalemba zimenezi pa bolodi kalasi imakhala kaye zii kenako wina kumbuyo amati aaa sala, zomwezi? Eya zomwezi. Munthu amene wachita untie mbuzi si kuti sanaimange, anaimanga m'mawa ndipo pano waimasula. Ngakhale m'mbiri ya chizungucho awiriwa anachokera kosiyana, mu chizungu chamakedzana wa pa mneniyu anali ndi kalembedwe kena, anadzangofanana pambuyo pake. Nchifukwa chake mawu ngati unlockable amasokoneza eni ake omwe, atha kutanthauza chitseko chosatheka kukiya kapena chitseko chotheka kutsekula, zimatengera kuti ndi un uti amene wakhalapo. Ife vuto limenelo tilibe.

Ndipo wa pa mneniyu sanafe, akubereka mpaka lero. Unfriend, kuchotsa munthu pa anzako a pa Facebook, anasankhidwa ndi dikishonale ya New Oxford American kukhala liwu la chaka cha 2009. Pachichewa tikanati kaya kubwenzula, kaya.

Tsopano in. Uyu ndi msuweni wake wa un koma anakulira ku Chilatini. Un ndi mwini mudzi, analipo kuyambira chizungu chili chilankhulo cha alimi pa chilumba cha Britain paja, pomwe in analowa ndi mawu a Chilatini ndi a Chifalansa, makamaka William wa ku Normandy atalanda England mu 1066 mpaka kwa zaka mazana angapo a kumpando ndi a kukhothi nkumalankhula Chifalansa. Nde mukaona mawu onunkhira ofesi, khothi, chipatala kapena tchalitchi, kawirikawiri mupeza in. Independence amene timakumbukira pa 6 Julayi chiyambire 1964 ndi in kuphatikiza dependence, kudalira, ndiye kuti kusadalira wina, ufulu wodzilamulira uja.

Koma in ndi bilimankhwe, amasintha malingana ndi amene wayandikana naye, ndipo apa mpamene ana amagwera pa mayeso. Kutsogolo kukakhala p, b kapena m amasanduka im: impossible, imbalance, immature. Kukakhala l amakhala il: illegal, illiterate. Kukakhala r amakhala ir: irregular, irresponsible. Osaloweza izi ngati ndakatulo, ingoyesani kunena "inpossible" mofulumira mumve milomo ikutsekeka yokha kukonzekera p, n uja wasanduka m musanafune nkomwe. Ife timachita zomwezo, timalemba mbuzi, mphaka, mbewu osati nbuzi, koma nthochi ndi ndege timayamba ndi n chifukwa apo lilime lili kumano. Pakamwa mpamodzi, pa mzungu ndi pa ife. Ndipo izi zimathandiza kalembedwe, illegal ali ndi ma l awiri otsatana chifukwa mmodzi ndi wa il wina ndi wa legal, chimodzimodzi ma r a irregular. Amene munkatsatira mlandu wa chisankho uja, khothi litagamula pa 3 Febuluwale 2020, mawu oti irregularities anali pakamwa pa aliyense mpaka m'maminibasi. Ndi regular yemweyo, chotsata ndondomeko, wavala ir kutsogolo.

Funso limene ndimalandira kwambiri nlakuti nanga ndidziwa bwanji kuti apa ndiike un apa ndiike in. Kunena zoona lamulo lachitsulo palibe, amene angakuuzeni kuti lilipo akukunamizani. Zilipo zizolowezi chabe. Mawu othera ed kapena ing pafupifupi onse amatenga un: unfinished, uneducated, unwilling. Othera ible amakonda in ndi abale ake: invisible, illegible, irresponsible. Mawu oyamba kale ndi in kapena im amathawira kwa un kuti asachite chibwibwi, nchifukwa chake timati unimportant, uninformed. Kenako pali banja lina lamakani limene mfotokozi ali kwa un koma dzina lili kwa in, unable koma inability, unjust koma injustice, unequal koma inequality. Amenewa ndiye lowezani ndithu, ndi ochepa, olo pachikuto cha kope akwana.

Dis sindichedwa naye, amagwira ntchito zonse ziwiri zija, dishonest wosakhulupirika, disconnect kudula monga amachitira ukapanda kulipira bilu ya madzi. Disease ndi dis ndi ease, kusowa mtendere m'thupi. Mis yekha samalani naye chifukwa sakana, amati chachitika koma molakwika. Misunderstand si kusamva, ndi kumva zina. Misuse si kusagwiritsa ntchito, ndi kugwiritsa ntchito udyo, ngati ndalama za chitukuko zikathera ku bala. Azakhali akatumiza uthenga wabodza pa gulupu ya WhatsApp iwo akukhulupirira kuti ndi zoona imeneyo ndi misinformation, koma amene anaupeka dala uja wachita disinformation.

Amene ndimamukonda ndi non, chifukwa ndi waulemu, amangosiyanitsa osanyoza. NGO ndi non-governmental, bungwe lomwe si la boma, palibe mlandu. Tikiti ya basi ya non-refundable ndi yoti ndalama sabweza. Koma yerekezani awa: non-Christian ndi munthu amene si mkhristu, mwina ndi msilamu, nkhani yathera pomwepo, pomwe unchristian ndi chidzudzulo, ndi mmene abusa anganenere za mkulu wa mpingo amene walanda munda wa mayi wamasiye. Non-professional ndi amene sanaphunzire ntchitoyo, unprofessional ndi amene anaiphunzira koma akuichita ngati waledzera. Mukasokoneza awiriwa mu kalata ya kuntchito mutha kuyambana ndi munthu osadziwa chimene mwamulakwira.

Nde pali misampha, ndipo mwana akangophunzira njira yodula mawuyi amayamba kudula chilichonse ngati wapatsidwa chikwanje chatsopano. Wina anandifunsapo mosaseka kuti ngati uncle ndi amalume nde "cle" ndi ndani. Mayeso ake ndi osavuta, chotsani kachidutswako muone ngati chotsalacho ndi liwu lenileni. Under, uncle, palibe chotsala chomveka. Uniform, union, university ndi a banja lina, uni amatanthauza chimodzi, yunifolomu ndi chovala cha mtundu umodzi. Ndipo Chilatini chinali ndi in wachiwiri wotanthauza "mu", kulowa mkati, amene ali mu import, inject, include, ndipo chizungu nacho chili ndi in wakewake wa "mu" amene ali mu income. Income si ndalama zosabwera, ndi ndalama zolowa, ngakhale kwa ife aphunzitsi pofika pa 10 kusiyana kwake sikuoneka.

Mayeso ochotsa kachidutswa aja nawonso pena amagwa. Invaluable mukadula mupeza valuable, liwu lenileni ndithu, nde mwana amalemba kuti chopanda phindu, pomwe tanthauzo lake ndi chamtengo wapatali kwambiri moti sungachiikire mtengo. Bwana akakulemberani kuti your help was invaluable musakwiye, akuyamikirani. Infamous si wosatchuka, ndi wotchuka ndi zoipa, ngati mbava imene boma lonse likuidziwa dzina.

Koma woopsa kuposa onse ali pa msewu. Mathankala onyamula petulo aja amadutsa pa M1 ena amalembedwa kumbuyo ndi zilembo zikuluzikulu kuti highly inflammable. Ndimakonda kufunsa kalasi kuti zikutanthauzanji, ndipo amene amakweza mkono msanga ndi anzeru aja amene amvetsa bwino phunziro la in, amati sala ndiye kuti sichingayake. Kutereku in ameneyu ndi wa "mu" uja, kuchokera ku liwu la Chilatini lotanthauza kuika pamoto, nde inflammable ndi flammable ndi chinthu chimodzi, zonse zikuti chimayaka msanga. Azungu eni ake zinawasokoneza mpaka a zozimitsa moto ku America anayamba kulimbikitsa kuti pa zikwangwani pazilembedwa flammable yekha, ndipo chosayaka chizitchedwa non-flammable. Koma zikwangwani zakale zija zidakalipo, nde mukaima pafupi ndi thankala yolembedwa choncho, ndudu ija zimitsani.