Mayina a makampani pa maboti opulumutsa anthu ku Britain

M'chaka cha 1976, padoko la Aberdeen ku Scotland panafika boti latsopano lopulumutsira anthu panyanja, dzina lake BP Forties. Dzinalo linkaulula lokha kumene ndalama zambiri zinachokera: kampani ya mafuta ya BP, yomwe inali itangoyamba kupopa mafuta pamalo otchedwa Forties m'nyanja ya North Sea. Koma okwera botilo sanali antchito a BP. Ambiri anali anthu ongodzipereka, okhala ndi ntchito zawo kumtunda, amene amasiya zonse akamva kuti wina ali pangozi. Botilo linali la RNLI (Royal National Lifeboat Institution), bungwe lachifundo lopulumutsa anthu panyanja, ndipo bungweli ndi lomwe linkalamula za kayendedwe kake.

RNLI inakhazikitsidwa pa 4 Malichi 1824 ku London, kutsatira pempho la Sir William Hillary wa pachilumba cha Isle of Man, amene anatopa n'kuona zombo zikusweka pafupi ndi kwawo. Amalonda analimo kale m'nkhaniyi, poti a inshulansi a ku Lloyd's anali atapereka mapaundi 2,000 mu 1802 kuti apangire maboti otere. Sikunali kukoma mtima kokha ayi. Chombo chikamira, iwowo ndiwo ankalipira.

Thumba litaphwa, bungweli linayamba kulandira thandizo la boma mu 1854. Thandizolo linabwera ndi malamulo ake, ndipo mu 1869 RNLI inalisiya kuti iziyendetsa yokha zinthu zake. Vuto n'lakuti inatsala ikudalira anthu ochepa olemera.

Chimene chinasintha zinthu ndi tsoka la pa 9 Disembala 1886. Usiku umenewo kunawomba mkuntho, ndipo chombo cha ku Germany chotchedwa Mexico chinatitimira mumchenga pafupi ndi tauni ya Southport ku England. Maboti atatu ananyamuka, onse opalasa ndi nkhafi. La ku Lytham linafika n'kupulumutsa anthu onse 12. La ku Southport linagubuduzika ndi mafunde litatsala pang'ono kufika, amuna 14 n'kufa. La ku St Annes linakapezeka tsiku lotsatira litagadabuka, onse 13 atapita. Ambiri mwa amuna 27 amenewa anali asodzi osauka, ndipo anasiya akazi amasiye 16 ndi ana 50. M'mbiri yonse ya RNLI simunachitikenso ngozi yopha opulumutsa anzawo ochuluka chotere.

Ku St Annes kunkakhala Charles Macara, mkulu wa bizinesi ya nsalu za thonje ku Manchester, yemwe ankadziwana ndi amuna anafawo. Atathandiza kusonkhetsa chipepeso cha amasiye, anayang'ana m'mabuku a bungweli ngati wamalonda, n'kuona kuti anthu wamba sakupemphedwa n'komwe. Mu Okutobala 1891 anakonza tsiku lotchedwa Lifeboat Saturday. Akavalo anakoka maboti m'misewu ya Manchester, mzinda wopanda nyanja, mabandi akuimba. Osonkhetsa ndalama anamangirira timatumba kunsonga kwa mitengo yaitali kuti tifikire anthu osuzumira pamawindo a nyumba zosanja. Anapeza mapaundi oposa 5,000, ndipo mizinda ina inatengera. Pamenepa m'pamene pali phata la nkhaniyi: wamalonda ameneyu sanangotulutsa cheke chake, anagwiritsa ntchito luso lake la malonda kuti opereka achuluke.

Mwambo wolemba dzina la wopereka pa boti unakulira limodzi ndi zimenezi. Ogwira ntchito m'boma anayambitsa thumba lawo mu 1866, lomwe lagula maboti oposa 50 mpaka lero. Masitolo a makopaletivu anagula Co-operator No. 1 la ku Cullercoats mu 1884. Mu 1930 makampani a sitima zapamadzi anaonekeranso: ku St Mary's kunapita boti lotchedwa Cunard, ku Fishguard lotchedwa White Star.

Masiku ano boti limodzi la mtundu wa Shannon limadya mapaundi oposa 2 miliyoni, choncho makampani ambiri amathandiza m'njira zina. Kuyambira 2018, kampani ya zovala ya Helly Hansen ndiyo imapanga zovala zosalowa madzi za okwera maboti akuluakulu, zosokedwa mosiyana za amuna ndi za akazi. Sitima za Fred. Olsen Cruise Lines zakhala zikusonkhetsa ndalama kwa apaulendo kuyambira m'ma 1960. Palinso thandizo limene sililembedwa paliponse: bwana wa galaja kapena sitolo amene amalola wantchito wake kuthawa pakati pa ntchito kachipangizo kam'thumba komuitanira ku boti kakalira.

Kampani imapindula, tisanamizane. Dzina lake limaoneka pa boti limene aliyense amalilemekeza. Komabe gawo lake m'thumba la RNLI, yomwe ili ndi malo 238 onyamukira maboti ku Britain ndi Ireland, ndi laling'ono. Bungweli limanena kuti maulendo 6 pa 10 alionse opulumutsa anthu amatheka ndi chuma chimene anthu amalisiyira mu wilo. Mu 2015, magalimoto awiri akale a Ferrari amene wamalonda a nsapato Richard Colton anasiyira bungweli anagulitsidwa mapaundi 8.5 miliyoni, ndipo zina mwa ndalamazo zinagula boti la ku Hastings.