Dzino likasiya kupweteka sikuti lachira

"Adokotala, lasiya lokha kuwawa, ingondipatsani mankhwala ndizipita." Mawu amenewa timawamva kawirikawiri m'chipinda cha mano kuno ku Salima. Munthu wachokera ku Khombedza kapena ku Chipoka, wakhala pamzere m'mawa wonse, koma tikamuuza kuti dzinoli nlofunika kuzula, amakana.

Dzino ndi lolimba kunja kokha. Mkati mwake muli mtsempha womva ululu ndi timitsempha ta magazi. Likangoyamba kubooka, limanyerenyetsa mukamwa madzi ozizira kapena tiyi wa shuga, ndipo nthawi imeneyi timangolitsuka nkulimata, dzino nkupulumuka. Bowo likafika pamtsempha mpamene munthu amachezera usiku wonse atagwira tsaya. Kenako mtsemphawo umafa, ululu nkuzilala. Ambiri amanyengeka pamenepa. Tizilombo timakhala tatsikira kumuzu, mafinya akusonkhana m'fupa la nsagwada mwakachetechete.

Panado amangogonetsa ululu. Amoxicillin wogula pagolosale angaphwetse tsaya kwa kanthawi, koma mankhwala amayenda ndi magazi, ndipo m'dzino lakufa magazi safikamo. Gwero la matenda limatsala momwemo. Zoika pabowo, monga fodya wa mphuno, aspirin wophwanya kapena madzi a batire, zimangowotcha nkhama.

Chimene chimandidetsa nkhawa kwambiri ndi mano otafunira am'munsi. Mafinya ake amatha kulowera pansi pa lilime mpaka kukhosi. Kukamwa kumakana kutseguka, malovu samezeka, mpweya nkuyamba kubanika. Zikafika apa ena timawatumiza ku Kamuzu Central Hospital ku Lilongwe, ulendo wa makilomita pafupifupi 100, chifukwa cha dzino limodzi lomwe likanazulidwa munthu nkubwerera kwawo tsiku lomwelo. Odwala shuga ndiwo ali pachiopsezo chachikulu.

Mantha a anthu ndimawamvetsa. Ena anauzidwa kuti kuzula dzino lam'mwamba kumachititsa khungu. Sizoona, mtsempha wa dzino ndi wina, woonera ndi wina. Amayi oyembekezera nawo amaopa jakisoni wa dzanzi, chonsecho mafinya ndiwo oopsa kwa iwo kuposa jakisoniyo. Ingotiuzani, mayi, kuti muli ndi pakati pa miyezi ingati.

Kukana ndi ufulu wanu, thupi ndi lanu. Ine pempho langa nlakuti musakane musanafunse. Funsani chifukwa chake dzinolo silingamatidwe, funsani ngati lingapulumuke potsuka mkati mwa muzu, chithandizo chomwe sichipezeka paliponse ndipo kawirikawiri chimafuna ndalama. Ngati simunakhutire, kaonetseni kwa dokotala wina wa mano, palibe cholakwika. Koma tsaya likatupa, thupi nkutentha, kapena mukuvutika kumeza, musadikire kuti kuche kawiri. Pitani kuchipatala tsiku lomwelo, ngakhale usiku.