Mlandu wa mince pie ndi tsiku limene Canterbury inakana kutsegula msika

Disembala akangolowa, kauthenga kaja kamayambanso kuzungulira pa WhatsApp ndi pa Facebook. Akuti ku England kudya mince pie pa tsiku la Khirisimasi ndi mlandu, chifukwa Oliver Cromwell, amene analamulira dzikolo m'zaka za m'ma 1650, analetsa ndipo lamulo lakelo silinafafanizidwe mpaka lero. Chaka chino kandipeza kudzera kwa achemwali anga amene amasamalira okalamba ku England komweko. Anatumiza chithunzi cha mbale yodzaza ndi ma mince pie, n'kundifunsa kuti, "Achimwene, inu mumawerenga za makedzana, kodi zimenezi n'zoona?"

Amene sanaionepo, mince pie ndi kanthu kokwana m'chikhatho. Kunja kwake ndi ufa wa tirigu wokandidwa ndi batala, pamwamba amakonda kuikapo kanyenyezi n'kuwazapo shuga. Ukaluma, m'kati mumatuluka mphesa zouma, maapulo, makoko a malalanje ophikidwa m'shuga ndi zonunkhiritsa, zonse zitanyowa ndi mafuta. Dzina lake likunena za nyama yoduladula, koma nyama mulibe. Kale inalimo. Buku lophikira la Gervase Markham la mu 1615 limauza mayi wa pakhomo kuti atenge mwendo wa nkhosa, auwiritse pang'ono, auduledule pamodzi ndi mafuta a m'mbali mwa impso, kenako asakanize ndi zipatso zouma. Nyama inayamba kuchepa pang'onopang'ono mpaka kutheratu m'zaka za m'ma 1800. Mince pie ya nthawi ya Cromwell inali chakudya chokhutitsa komanso chodula, chifukwa mphesa zouma ndi zonunkhiritsa zinkabwera pa sitima kuchokera kumaiko akutali.

Funso la achemwali lili ndi yankho lachidule. Bungwe la Law Commission, limene limaunika malamulo a ku England ndi Wales, linalemba mu 2013 kuti mince pie sinaletsedwepo ndi lamulo lililonse. Khirisimasi yokhayo imene kudya mince pie kunali kuswa lamulo ndi ya 1644, ndipo chifukwa chake chinali chakuti tsikulo linagundana ndi tsiku losala kudya. Koma utsi sufuka popanda moto. Chimene chinaletsedwa chinali chachikulu kuposa chakudya, ndipo woletsayo sanali Cromwell.

Kuyambira mu 1642 England inali pa nkhondo yapachiweniweni, Mfumu Charles I mbali iyi, Nyumba ya Malamulo mbali inayo. M'Nyumba ya Malamulo munadzaza a Puritan, Akhristu amene ankafuna kuchotsa m'chipembedzo chilichonse chosalembedwa m'Baibulo. Mfundo zawo sizinali zopepera. Ankafunsa kuti ndi vesi iti imene imatchula tsiku lobadwa Yesu, nanga ndi iti imene imalamula kulikumbukira. Ankaonanso mmene masiku khumi ndi awiri a chikondwererocho ankathera m'mowa, njuga ndi ndewu. Pa nthawi ya nkhondo, Lachitatu lomaliza la mwezi uliwonse linali tsiku losala kudya dziko lonse. Mu 1644 tsiku la 25 Disembala linagwa Lachitatu lomweli, ndipo aphungu analamula kuti kusala kupitirire, anthu alape chifukwa chosandutsa chikumbutso cha Khristu kukhala nthawi yokondweretsa thupi. Mu Januwale 1645 anavomereza buku latsopano la dongosolo la mapemphero, lokonzedwa ndi abusa amene ankakumana ku Westminster, lomwe linati masiku a zikondwerero opanda maziko m'Mawu a Mulungu asapitirire. Kenako mu Juni 1647 kunabwera lamulo lothetseratu Khirisimasi, Pasaka ndi Pentekoste.

M'lamulo la 1647 muli kachigawo kamene kamandikhudza. Aphungu anadziwa kuti akulanda antchito mpumulo wawo, choncho anati ophunzira, antchito a m'nyumba ndi anyamata ophunzira ntchito zamanja azipuma Lachiwiri lachiwiri la mwezi uliwonse. Powerengera masiku, kusinthaku kunkaoneka ngati kwachilungamo. Koma Khirisimasi inkagwa pakati pa nyengo yozizira, minda ilibe ntchito, usiku utatalika. Inali nthawi imene mabwana ankayembekezeka kutsegula zitseko ndi kudyetsa antchito, anthu okhala pa minda yawo ndi osauka a m'dera. Wantchito amene sakanatha kugula mphesa zouma ndi malipiro ake ankalawa mince pie nthawi imeneyi, patebulo la bwana. Lachiwiri lopuma linalibe mphika.

Khirisimasi yoyamba pansi pa lamuloli inagwa Loweruka. Ku Canterbury, m'chigawo cha Kent, wolengeza nkhani wa mumzinda anayenda m'misewu Lachitatu pa 22 Disembala, akufuula molamulidwa ndi meya, William Bridge, kuti Khirisimasi yathetsedwa ndipo Loweruka msika ukhalepo monga mwa masiku onse. Zambiri za tsikulo timazidziwa kuchokera m'kabuku kamene kanasindikizidwa ku London patangopita masiku owerengeka. Timabuku ta nthawi ya nkhondo timafunika kutiwerenga ndi maso awiri, popeza aliyense ankalembera mbali yake, koma mutu wa nkhaniyi ukugwirizana ndi zimene zinatsatira m'mabwalo a milandu. Kabukuko kakuti masitolo amene anatsegula sanapitirire 12. Khamu la anthu linauza eni ake kuti atseke. Atakana, katundu wawo anamwazidwa mumsewu. Meya anatuluka yekha kukalimbikitsa ogulitsa, ndipo akuti anamenya munthu wina ndi chibonga. Apo m'pamene zinthu zinaipa. Meyayo anamugwetsa pansi, kumukhwekhwereza m'ngalande, mkanjo wake n'kung'ambika. Amene anamangidwa tsikulo anzawo anakawatulutsa. Mumsewu waukulu munabwera mipira, anthu n'kuyamba kusewera mpira wachikale uja wopanda malire, ndipo pamakomo anakolekapo nthambi za holly, mtengo wa masamba aminga umene sufota ngakhale kuzizire bwanji.

Nthambi za mtengo pakhomo ndi mpira mumsewu: izi ndi zimene anthu anasankha posonyeza kuti akana. Masiku ano zipolowezi amazitchula ndi dzina la chakudya china cha Khirisimasi, Plum Pudding Riots, ngakhale kuti mkangano wa tsikulo unali wa msika ndi masitolo.

Lamlungu kunali bata. Lolemba zinayambiranso, ndipo tsopano nkhani inasintha mtundu. Anthu analanda nyumba yosungiramo zida, n'kuyamba kufuula kuti ali kumbali ya Mulungu, ya Mfumu Charles ndi ya Kent. Olemba mbiri amasiyana pano. Ena amati otsatira mfumu ankangodikira mpata ndipo Khirisimasi inali chonamizira. Ena amati anthu wamba anali atatopa kale ndi misonkho ya nkhondo, asilikali ogonekedwa m'nyumba zawo ndi kukwera mtengo kwa chakudya chifukwa cha zokolola zoipa, ndiye kulandidwa tsikuli kunangodzaza chikho. Ine ndimaona kuti achiwiriwa ali pafupi ndi zoona. Kent inali m'manja mwa Nyumba ya Malamulo kuyambira kuchiyambi kwa nkhondo, ndipo Loweruka lija palibe amene anayamba ndi dzina la mfumu. Anayamba ndi zitseko za masitolo. Zipolowe zofanana zinachitikanso ku Ipswich, ku Bury St Edmunds ndi ku London komwe.

Mu Januwale 1648 akuluakulu a chigawo anatumiza asilikali pafupifupi 3,000. Anazula zipata za mzinda, anagumula mbali zina za linga, ndipo ena mwa anthu odziwika anakatsekeredwa ku Leeds Castle, m'chigawo cha Kent momwemo. Mu Meyi mlandu unafika pamaso pa gulu la nzika zosankhidwa kuona ngati pali chifukwa choimbira munthu mlandu, ndipo nzikazo zinakana. M'malo mwake anthu a m'chigawocho analemba chikalata chopempha Nyumba ya Malamulo kuti igwirizane ndi mfumu ndi kuthetsa gulu lankhondo. Chikalatacho chitaletsedwa, Kent inanyamula zida. Pa 1 Juni 1648 Thomas Fairfax, mkulu wa asilikali a Nyumba ya Malamulo, anawagonjetsa ku Maidstone. Pa 30 Januwale 1649 mfumu inadulidwa mutu.

Nanga Cromwell? Pamene lamulo la 1647 linkadutsa, iye anali phungu wa Cambridge komanso mmodzi mwa akuluakulu a asilikali, wotanganidwa ndi mikangano ya m'gulu lankhondo. Udindo wa Lord Protector, wolamulira dziko m'malo mwa mfumu, anaulandira mu Disembala 1653, patapita zaka zisanu ndi chimodzi. Sitingamuyeretse, chifukwa anali wa maganizo omwewo ndipo mu ulamuliro wake lamulolo linkagwirabe ntchito. John Evelyn, mlembi wa nthawi imeneyo, analemba m'buku lake la tsiku ndi tsiku kuti pa Khirisimasi ya 1657 asilikali anazinga chapelo cha ku Exeter House ku London, ndipo anamuloza ndi mfuti iye ndi opemphera anzake pamene ankapita kukalandira mgonero. Komabe dzina la Cromwell ndi limene anthu analikumbukira pa nthawi yonse ija. Mutu ukakula sulewa nkhonya.

Za mphekesera yoti mince pie yeniyeniyo inaletsedwa, gwero lake likuoneka kuti ndi adani a a Puritan. John Taylor, wopalasa bwato pa mtsinje wa Thames amenenso ankalemba ndakatulo ndipo anali wa mfumu ndi mtima wonse, analemba mu 1652 kuti anthuwa ankaona ma mince pie ngati zotsalira za mkazi wadama wa ku Babulo, ndipo tsekwe ndi nkhukundembo ngati chizindikiro cha chilombo. Kumeneku kunali kunyogodola. N'kutheka kuti alaliki ena ankadzudzuladi zakudyazi, makamaka poti John Selden, katswiri wa malamulo wa nthawi yomweyo, ananena kuti zinkaumbidwa zazitali potsanzira chodyeramo ziweto chimene anagonekamo Yesu. Koma ulaliki ndi lamulo n'zosiyana, ndipo pakamwa pa Taylor ndi pamene nthabwala inayambira ulendo wake wosanduka "mbiri".

Nkhaniyi imatikhudza pang'ono ife a kuno. Ku Scotland Nyumba ya Malamulo inali itathetsa kale tchuthi cha nyengoyi mu 1640, ndipo Khirisimasi sinakhale tsiku lopuma la dziko lonse kumeneko mpaka mu 1958. Amishoni amene anafika ku Cape Maclear mu 1875 ndi ku Blantyre mu 1876 anachokera m'mipingo yogwira chivomerezo cha chikhulupiriro chimene chinalembedwa ndi msonkhano wa ku Westminster womwe uja. Anakulira m'dziko limene pa 25 Disembala anthu ambiri ankalawirira kuntchito, phwando lalikulu n'kukhala la Chaka Chatsopano.

Ku England, Charles II, mwana wa mfumu yophedwa ija, atakhala pa mpando mu 1660, malamulo onse amene anakhazikitsidwa popanda chivomerezo cha mfumu anatha mphamvu, la 1647 lomwe. N'chifukwa chake palibe chimene chikufunika kufafanizidwa lero. Samuel Pepys, mkulu wa mu ofesi yoyang'anira zombo zankhondo, analemba pa 25 Disembala 1666 kuti anadzuka n'kusiya mkazi wake akufunabe tulo, popeza anachezera mpaka 4 koloko m'mawa akuyang'anira atsikana antchito akuphika ma mince pie.