Blade yotaya si yachabechabe

Ambiri ogwira ntchito m'chipinda cha opaleshoni amati blade ya laryngoscope yogwiritsa ntchito kamodzi n'kutaya ndi yachabechabe. Laryngoscope ndi chipangizo choonera kummero, ndipo blade ndi mbali yake yowunikira, yomwe imalowa m'kamwa mwa wodwala. Mbiri yoipayi inabwera ndi zapulasitiki, zomwe zimatha kupindika wogonetsa odwala akamanyamula lilime kuti aone polowetsa chubu chopumira. Komatu zilipo zotaya zachitsulo, zokhota ngati yomwe dokotala Macintosh anayambitsa mu 1943, ndipo zimagwira ntchito bwino lomwe.

Blade yotsuka n'kugwiritsanso ntchito nayo ili ndi zake. Ikalowa kambirimbiri mu autoclave, makina ophera majeremusi ndi nthunzi yotentha, kuwala kwake kumazilala, kummero n'kumaoneka mwachimbuuzi. Nanga chogwirira cha laryngoscope? Ena amangochipukuta mothamanga, chonsecho ukapinda blade itangotuluka m'kamwa mwa wodwala, nsonga yake yamalovu ndi magazi imakagunda pomwepo.