Chilankhulo chiti pa ofesi ya boma ku Spain? Mafunso ndi mayankho

Kodi zilankhulo za boma ku Spain n'zingati?

Cha dziko lonse n'chimodzi. Ndime 3 ya malamulo oyendetsera dziko a 1978 imati nzika iliyonse ili ndi udindo wodziwa Chisipanishi komanso ufulu wochigwiritsa ntchito. Zilankhulo zinazo zimakhala za boma m'chigawo chawo mokha, ngati malamulo a chigawocho atero: Chikatalani ku Catalonia, ku zilumba za Balearic ndi ku Valencia (kumene amachitcha Chivalenshiya), Chigalishiya ku Galicia, Chibasiki ku Basque Country ndi mbali ina ya Navarre. Malamulowa anabwera boma la mtsogoleri wankhanza Francisco Franco, lomwe linapondereza zilankhulozi kuyambira 1939 mpaka 1975, litangotha.

Ndikalemba kalata ya ku boma m'Chikatalani, ailandira?

Zitengera komwe ofesiyo ili. Apa ndi pamene anthu ambiri amalakwitsa, chifukwa ufuluwu uli pa dera, suyenda ndi munthu. Ku Barcelona, likulu la Catalonia, ngakhale pa ofesi ya boma lalikulu, lamulo 39/2015 limakulolani kusankha chilankhulo, ndipo nkhani yanu idzayendetsedwa m'chimene mwasankhacho. Mukafika ku Madrid, ufuluwo mwausiya kwanu. Ngati nkhaniyo ikukhudza anthu angapo ndipo sakumvana za chilankhulo, imayenda m'Chisipanishi, koma aliyense amalandirabe mapepala ake m'chilankhulo chimene wapempha. Pepala likamapita kukagwira ntchito kunja kwa chigawo, ofesi ndiyo iyenera kulimasulira m'Chisipanishi, osati inu, pokhapokha ngati komwe likupitako chilankhulocho ndi cha bomanso.

Ku Navarre n'kovutirapo. Lamulo la 1986 linagawa chigawocho patatu, ndipo Chibasiki ndi cha boma kumpoto kokha. Midzi iwiri yoyandikana ikhoza kukhala ndi ufulu wosiyana.

Nanga mwana amaphunzira m'chilankhulo chiti?

Ku Basque Country makolo amasankha. Njira A ndi ya Chisipanishi, Chibasiki kukhala phunziro chabe; B ndi yophatikiza; D ndi ya Chibasiki, Chisipanishi kukhala phunziro. Lero ambiri amasankha D. Ku Catalonia kusankha kulibe: sukulu za boma zimaphunzitsa m'Chikatalani. Mu 2020 khoti lalikulu la chigawocho linagamula kuti maphunziro osachepera 25 pa 100 aliwonse azikhala m'Chisipanishi, koma mu 2022 boma la Catalonia linabweretsa malamulo atsopano okana kugawa maphunziro ndi manambala. Kunena zoona, mkanganowu ndi wa ndale kuposa wa m'kalasi.

Kodi Chikatalani chingandithandize kupeza unzika?

Ayi. Wochokera kudziko losalankhula Chisipanishi amalemba mayeso a Chisipanishi otchedwa DELE, mlingo wa A2 kapena kupitirira, komanso a CCSE okhudza malamulo ndi chikhalidwe cha dzikolo. Onsewa amayendetsa ndi a Instituto Cervantes, bungwe la boma lolimbikitsa Chisipanishi. Chikatalani chimagwira ntchito pofunsira ntchito m'boma la Catalonia, komwe maudindo ambiri amafuna satifiketi ya Chikatalani ya mlingo wapamwamba wa C1.

Ku nyumba ya malamulo ku Madrid bwanji?

Kuyambira Seputembala 2023, aphungu amaloledwa kulankhula Chikatalani, Chibasiki ndi Chigalishiya, anzawo n'kumamvera womasulira pa mahedifoni.

Pali zilankhulo zotsalira kunja?

Zilipo. Chiasituriya, cha ku chigawo cha Asturias, chili ndi lamulo lochiteteza la 1998, koma si cha boma, choncho wochilankhula alibe mphamvu zofanana ndi za mnzake wa ku Galicia. Koma Chiaranizi, cha m'chigwa chimodzi chokha cha Aran m'mapiri a Pyrenees, ndi cha boma m'Catalonia yense kuyambira 2006.