Chaka chimene ligi inalowa m'kiriketi ya kummwera kwa England

Raman Subba Row atamwalira mu Epulo 2024 ali ndi zaka 92, nyuzipepala zinamukumbukira ngati katswiri wa timu ya England amene anasiya kiriketi yapamwamba mu 1961 ali ndi zaka 29 zokha, kenako n'kudzatsogolera bungwe loyendetsa masewerawa m'dzikolo. M'makalabu ang'onoang'ono a kummwera kwa England dzina lake limakumbutsa nkhani ina. Iye ndi mmodzi mwa amene anayambitsa ligi ya Surrey Championship, ya makalabu a ku Surrey pafupi ndi London, mu 1968, ndipo kuchokera pamenepo masewero apaubale, omwe anali msana wa kiriketi ya m'chigawocho kwa zaka zoposa 50, anayamba kuchepa. Mpaka lero akuluakulu a makalabu sagwirizana ngati kusinthaku kunawakomera.

Nyengo ya masewero apaubale imayamba chakumapeto kwa Epulo n'kutha mu Seputembala. Palibe chikho, palibe mndandanda wa mapointi. M'miyezi yozizira mlembi wa kalabu amalumikizana ndi anzake a m'midzi ina kupangana masiku, ndipo nthawi zambiri amakhala matimu omwe aja amene akhala akuyenderana zaka zambirimbiri. Tsikulo likafika masewero amayamba masana. Timu imodzi imamenya mpira mpaka nthawi ya tiyi, kaputeni wake n'kunena kuti yakwana, ndipo inzake imayesa kupitirira ma run (zigoli za m'kiriketi) amenewo dzuwa lisanalowe. Nthawi ikatha wina asanagonje, ndiye kuti alepherana, onse n'kupita ku bala ya m'mudzimo. Kaputeni wabwino pa masewero otere ndi amene amaonetsetsa kuti anthu onse 11 agwirako ntchito. Akaona kuti alendo akufooka msanga amapatsa mpira mwana wa zaka 13 kapena gogo wa zaka 65 kuti aponyeko. Alendo akabwera operewera, eni bwalo amawabwereka munthu.

Angerezi ambiri amakhulupirira kuti umu ndi mmene kiriketi ya kumudzi inalili kuyambira kale. Mbiri ya Hambledon, mudzi wa ku Hampshire umene umatchuka kwambiri pa chiyambi cha masewerawa, ikusonyeza zina. M'zaka za m'ma 1770 timu ya kumeneko inkasewera pa bwalo la Broadhalfpenny Down, moyang'anizana ndi bala ya Bat and Ball yomwe ankayendetsa kaputeni wawo Richard Nyren. Mu 1777 anagonjetsa timu yoimira England yonse ku Sevenoaks, James Aylward yekha atamenya ma run 167. Koma masewero awo ankakhala a ndalama zambiri, anthu olemera ankabetcherana, ndipo osewera ankalipidwa, ena mwa iwo atachita kutengedwa kumidzi ina. Zinkafanana kwambiri ndi mpira wakwathu wobetcherana mbuzi, kungoti pamenepa pankagona chuma cha mabwana. Zambiri zokoma zimene timadziwa za Hambledon zinachokera kwa John Nyren, mwana wa Richard, amene anazifotokoza mu 1833 ali nkhalamba, akukumbukira ubwana wake. Munthu wotere amakometsa, ndipo tiyenera kumumva motero. Kalabu ya MCC (Marylebone Cricket Club) itakhazikitsidwa ku London mu 1787 mabwana aja anasamukira kumeneko ndi ndalama zawo, Hambledon n'kuzilala.

Kumpoto ndi chapakati pa dzikolo, kumene kunali mafakitale ndi migodi, anthu sanaone chovuta ndi mpikisano. Ligi ya Birmingham inayamba mu 1888, ya Lancashire mu 1892, ya Bradford mu 1903. Ogwira ntchito akaweruka Loweruka masana ankalipira pachipata kukaonera timu ya tauni yawo, ndipo kalabu inkalemba ntchito katswiri wolipidwa. Learie Constantine wa ku Trinidad anasewerera kalabu ya Nelson ya m'ligi ya Lancashire kuyambira 1929 mpaka 1937, ndipo pa zaka 9 zimenezo Nelson inatenga ligi ka 7.

Kummwera zinthu zinatembenuka nthawi ya nkhondo yoyamba yapadziko lonse. Mu 1915 kunakhazikitsidwa bungwe la London Club Cricket Conference, pambuyo pake n'kungotchedwa Club Cricket Conference. Cholinga choyamba chinali chabwino ndithu: anyamata anali atapita kunkhondo, makalabu ankasowa osewera nawo, ndiye bungweli linkawalumikizitsa. Koma litakula linaika lamulo loti kalabu yofuna kukhala membala isalowe m'ligi. Atsogoleri ake ankati mpikisano umabweretsa mikangano, kulipira osewera mobisa ndi mtima wofuna kupambana zivute zitani, pamene kiriketi iyenera kuseweredwa chifukwa chongoikonda.

Katswiri wa mbiri ya masewerawa Duncan Stone, amene anafufuza kwambiri za ku Surrey, amati chifukwa chenicheni chinali kusankhana pa chuma. M'ligi susankha wosewera naye. Mndandanda ukati upite kwa timu ya anyamata a pafakitale, umapita, ndipo akakugonjetsa dziko lonse limaona. Pa masewero apaubale kalabu ya maloya ndi ogwira ntchito m'mabanki inkasankha yokha alendo ake, ndipo kalabu yatsopano, ngakhale ikhale yolimba chotani, inkatha zaka ikupempha tsiku osalipeza. Iye amasonyezanso kuti nkhondo isanayambe kummwera kunali kale maligi ndi zikho, choncho lamulo lija linazimitsa chinthu chimene chinalipo. Mfundo yake ndi yamphamvu ndipo ine ndimaivomereza mbali yaikulu. Pomwe ndimakayikira ndi pa midzi yeniyeni. Zolembedwa zimene zatsala ndi za mabungwe akuluakulu ndi makalabu a m'mphepete mwa London. Timatimu ta kumudzi tambiri sitinali m'bungwelo n'komwe, tina tinkalowa m'zikho za m'dera lawo, ndipo m'mabuku awo a ma run mulibe mawu a mlimi kapena mmisiri wofotokoza chimene ankakonda. N'kovuta kunena kuti onsewo ankangotsatira zofuna za olemera.

Zaka za m'ma 1960 zinagwedeza zonse. Mu 1962 kusiyanitsa osewera olipidwa ndi osalipidwa pa kiriketi yapamwamba kunathetsedwa, ndipo masewero akale a Gentlemen (osalipidwa) ndi Players (olipidwa) anatha chaka chomwecho. Mu 1963 kunayamba chikho cha Gillette, masewero otha tsiku limodzi okhala ndi wopambana, ndipo Sussex motsogozedwa ndi Ted Dexter inachitenga pa Lord's, bwalo lotchuka la kiriketi ku London, podzaza anthu. Achinyamata a m'makalabu anaona zimenezo n'kuyamba kufunsa chifukwa chimene iwo ankatayira Loweruka lonse pa masewero omwe kawirikawiri ankatha molepherana, timu yachiwiri itangotsekereza mpira kudikira nthawi.

Apa ndi pamene Subba Row analowera, ndipo chimene chinachititsa kuti amveke ndi chakuti sanali wakunja. Anabadwira ku Streatham mu 1932, bambo ake anali loya wochokera ku India, mayi ake Mngerezi. Anaphunzira ku sukulu ya Whitgift ndi ku yunivesite ya Cambridge, anakhalapo kaputeni wa Northamptonshire ngati wosewera wosalipidwa, ndipo mu 1961 anamenya ma run oposa 100 kawiri posewera ndi Australia. Palibe akanamunena kuti sadziwa mwambo wa masewerawa, kapena kuti akufuna ligi chifukwa cha njala ya ndalama. Pamodzi ndi Norman Parks wa kalabu ya Beddington anasonkhanitsa makalabu odziwika a ku Surrey n'kugwirizana zoyamba mpikisano. Bungwe la Club Cricket Conference linakana, koma mphamvu yake yonse inagona pa kuopseza kalabu imodzi yosamvera kuti isowa osewera nayo. Makalabu olimba atachoka pamodzi, chiopsezocho chinalibenso mano, popeza ankatha kuseweretsana okhaokha. Ligi inayamba mu 1968, bungwe lija linagonja n'kusintha malamulo ake, ndipo kumayambiriro kwa m'ma 1970 Kent, Sussex, Middlesex ndi Essex anali ndi maligi awo.

Midzi nayo inapeza mpikisano wake. Mu 1972 magazini ya The Cricketer inayambitsa chikho cha matimu a kumudzi chomwe ndime yomaliza imaseweredwa pa Lord's. Oyamba kuchitenga anali a Troon, kamudzi ka ku Cornwall, ndipo mu 1985 Freuchie ya ku Scotland inagonjetsa Rowledge ya ku Surrey ma run atafanana, chifukwa omenya mpira ake amene anatulutsidwa anali ochepa kuposa a Rowledge. Amene anaona anthu a m'midzi imeneyo akusefukira mumzinda wa London sangati mpikisano unaononga kiriketi ya kumudzi.

Komabe panali chotayika, ndipo olipira mtengo wake anali osewera ofooka. Loweruka litatengedwa ndi ligi, masewero apaubale anakankhidwira Lamlungu. Pa mapointi kaputeni sangapatse mpira mwana woyamba kumene kapena gogo uja, chifukwa timu ikatsika gawo anyamata aluso amasamukira kalabu ina. Amene wasewera Loweruka lonse, ena atayenda ulendo wautali, savomera kusiyanso banja Lamlungu, ndiye alembi amavutika kupeza anthu 11 ndipo masewero ambiri amalephereka kutatsala tsiku limodzi. Maubale a midzi iwiri omwe anamangidwa pa zaka makumi angapo amatha mwakachetechete chotero, popanda msonkhano woti athe.

Ngakhale tiyi wa pakati pa masewero wafika pokanganirana. Kumapeto kwa 2020, mliri wa Covid-19 utachititsa kuti aliyense azibwera ndi kamba wake, makalabu a ligi ya Sussex anavota kuti eni bwalo asamakakamizidwenso kukonzera alendo masangweji ndi makeke. Anthu anadandaula kwambiri, voti inabwerezedwa ndipo tiyi anabwerera. Ofuna kumuchotsa anali ndi mfundo zomveka: ndalama, komanso kuti ntchito yophikayo kwa zaka zambiri inkagwera azimayi a osewera popanda malipiro. Pa bwalo la Broadhalfpenny Down lero pamasewera kalabu ya Brigands, yoyambitsidwa ndi asilikali a pamadzi chakumapeto kwa m'ma 1950, ndipo nyengo yawo ndi ya masewero apaubale, pa malo omwe aja a Nyren ankasewerera ndalama za mabwana.