Acetazolamide sachiza glaucoma

Kwa zaka zambiri ndakhala ndikumva muno mu Lilongwe, m'minibasi ndi pamzere wa kuchipatala, kuti mapiritsi a acetazolamide amachiza glaucoma, matenda amene amawononga mtsempha wa maso, mpaka ena amagawirako achibale. Zanditopetsa, chifukwa si zoona.

Mankhwalawa amangochepetsa madzi amene diso limapanga, kuti asapanikize ndi kuwononga mtsempha wa maso. Mtsempha umene unawonongeka kale subwerera. Amaperekedwanso kwa okwera mapiri ataliatali, koma dokotala ndiye amalemba. Amakodzetsa pafupipafupi, zala zimachita dzanzi, ndipo kwa wodwala impso kapena chiwindi angakhale oopsa.

Werengani kapepala kamene kali m'bokosi, funsani wa kufamase, kayezetseni maso. Uthenga wa pa foni umene simunautsimikize, chonde musawatumizire agogo anu.